Ndaitanidwa ku mayeso a ntchito ya pa kaunta ya kumapeto kwa sabata: ndikonzekere bwanji?

Nachisale, Ndirande

Ndikupereka moni kwa inu nonse, makolo ndi anzanga. Ndine wophunzira wa chaka chachiwiri pa sukulu ya ukachenjede ya MUBAS kuno ku Blantyre, ndipo Lachitatu likubwerali ndaitanidwa ku mayeso a ntchito pa sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe. Eni sitoloyo akufuna munthu woti azithandiza pa kaunta Lachisanu masana, Loweruka tsiku lonse, ndiponso masiku a kumapeto kwa mwezi pamene anthu alandira malipiro ndipo mzere wa ogula umatalika. Ntchitoyi ndikuifunitsitsa, popeza ndalama zimene makolo amanditumizira zikumathera pa lendi ndi chakudya mwezi usanafike pakati.

Vuto langa ndi lakuti sindinalembedwepo ntchito kwina kulikonse. Chimene ndikuchidziwa ndi kugulitsa mu okala ya azakhali anga pa nthawi ya tchuthi, ndipo sindikudziwa ngati zimenezi ndi zoyenera kuzitchula pamaso pa mabwana kapena angandiseke nazo. Vuto lina ndi lakuti mayeso a kumapeto kwa semesita akadzafika, padzakhala masabata amene sindidzatha kupezeka Lachisanu. Mnzanga wina wandilangiza kuti ndisadzatchule zimenezi kufikira nditalembedwa, ati akangomva za mayeso adzatenga munthu wina. Mtima wanga sukugwirizana nawo malangizowa, komabe ndikuopa kutaya mwayi. Ndikupemphanso kuti mundiunikire ngati n'koyenera kufunsa za malipiro tsiku lomwelo, komanso mapepala amene ndiyenera kunyamula.

Nangozo, Lilongwe

Mwana wanga Nachisale, ine ndimayang'anira sitolo ya mtundu womwewo kuno ku Lilongwe, ndipo ndine amene ndimafunsa achinyamata ofuna ntchito ya pa kaunta, choncho ndikuuzani zimene ife timayang'ana.

Sitolo ikamafuna munthu wa maola ochepa, sikuti yasowa munthu wophunzira kwambiri. Chimene chachitika n'chakuti pali masiku amene antchito okhazikika sakukwanira, ndipo mwini wake sangathe kulipira munthu wina mwezi wathunthu chifukwa cha masiku ochepawo. Motero mafunso onse amene adzakufunseni, ngakhale aoneke osiyanasiyana, akufuna kudziwa zinthu ziwiri zokha: ngati mudzapezeka pa maola amenewo mosajomba, ndiponso ngati ndalama za m'kabati zidzakwana madzulo potseka. Mukagwira mfundo imeneyi, simudzavutika kuyankha.

N'chifukwa chake malangizo a mnzanuyo musawatsate. Munthu amene wabisa za mayeso, n'kudzasowa Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, ogula atadzaza sitolo ndipo galimoto ya simenti ikutsitsa katundu panja, amasiya chilonda chachikulu mumtima mwa bwana, ndipo nthawi zambiri sabwereranso pa kauntapo. Inu mutenge ndandanda wa makalasi anu wosindikizidwa pa pepala, muuyale pa tebulo musanafunsidwe n'komwe, ndipo mulankhule momveka kuti kalasi yanu yomaliza ya Lachisanu imatha nthawi yakuti, pa kaunta mukhoza kufika nthawi yakuti, ndipo ndandanda wa mayeso ukangotuluka mudzawapatsa tsiku lomwelo kuti akonze wogwirizira malo anu. Kenaka muwapatse chinthu chosinthanitsa nacho: pa tchuthi mukhoza kugwira sabata yonse. Kwa ife ogulitsa zomangira, malonda amakwera m'nyengo yachilimwe, kuyambira anthu akakolola ndi kugulitsa fodya, soya ndi mtedza kufikira mvula itayandikira, pamene aliyense akuthamangira kufolera nyumba. Wophunzira amene tchuthi chake chagwera m'miyezi imeneyi ndi wofunika kwa ife, ndipo mukazitchula nokha bwana adzaona kuti mwaiganizira bizinesi yake.

Za okala ya azakhali anu muzitchule mopanda manyazi, koma musangoti munkathandiza kugulitsa. Fotokozani ntchito yeniyeni imene munkagwira: kodi munkalemba ngongole m'buku, kodi munkawerengera ndalama potseka n'kuzifananiza ndi katundu wotsala, kodi munkapita nokha kukaoda, kodi azakhaliwo ankakusiyirani makiyi? Yankho lotere limandiuza zambiri kuposa mawu oti ndine wolimbikira ndi wokhulupirika, amene aliyense wobwera pa mayeso amawanena. Ngati azakhaliwo avomera, aikeni m'gulu la anthu okuchitirani umboni, pamodzi ndi mphunzitsi wanu mmodzi kapena mkulu wa mpingo, ndipo muwadziwitse lero kuti mwina aimbiridwa foni, chifukwa mboni imene yadzidzimuka n'kufunsa kuti Nachisale wake uti imawononga zonse.

Konzekeraninso kuyesedwa ndi manja. Ine ndimaika ndalama zenizeni pa tebulo, za K5,000, K2,000, K1,000 ndi K500 zitasakanikirana, zina zofutukuka zina zopindika, n'kunena kuti tiyerekeze kasitomala wagula matumba 7 a simenti pa K32,500 thumba limodzi ndipo wapereka K230,000. Yankho ndi lakuti katundu wakwana K227,500 ndipo chenji ndi K2,500, koma chimene ndimayang'ana kwenikweni ndi manja a munthuyo. Wina amalandira mpukutuwo n'kuuponya m'kabati osawerenga. Wina amayamba wasanja ndalamazo mtundu ndi mtundu, nkhope zonse zitayang'ana mbali imodzi, n'kuwerenga mokweza kasitomala akuona, ndalama ya kasitomalayo ili pamwamba pa kaunta kufikira chenji itaperekedwa. Wachiwiriyu ndiye amene ndimamulemba, ngakhale atachedwa pang'ono ndi masamu ake kapena atapempha kakyuleta. Yesererani zimenezi kunyumba ndi mapepala odulidwa ngati ndalama palibe.

Funso lina limene limafunsidwa kawirikawiri masiku ano ndi la kulipira pa foni. Akadzakufunsani chimene mungachite kasitomala atakuonetsani uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wosonyeza kuti walipira, yankho ndi lakuti katundu satuluka kufikira ndalamayo itaoneka pa foni ya sitolo, chifukwa uthenga wa pa foni ya wogula ukhoza kukhala wopeka. Muonjezere kuti wogula aliyense mudzamupatsa risiti, popeza bungwe lotolera misonkho la MRA limalanga sitolo zimene sizipereka malisiti a msonkho.

Ngati mungapeze mpata Lolemba kapena Lachiwiri, pitani ku sitoloyo ngati wogula wamba, muzungulire mashelefu, mumvetsere mmene amisiri amaitanitsira katundu. Mudzamva kuti malata amafunsidwa potchula geji ndi mafiti, misomali potchula mainchesi ndipo imayezedwa pa sikelo, penti potchula malita. Palibe amene akuyembekezera kuti mudziwe zonsezi, koma mukadzanena kuti munafikapo ndipo mwaona kuti geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 32, mudzasiyana ndi anzanu onse okhala pa benchi. Za zovala sindinena zambiri: zaukhondo, zosita, zopatsa ulemu, ndi nsapato zotseka zoti mungathe kuima nazo tsiku lonse pa simenti.

Mbewe, Zomba

Mayi Nangozo anena zambiri zothandiza. Ine ndinagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pa kampani ina, choncho ndiyankha za malipiro ndi mapepala.

Kufunsa za malipiro si mwano, malinga mwadikira nthawi yake, yomwe ndi kumapeto pamene akupatsani mpata wofunsa mafunso. Pa ntchito ya maola ochepa, funso lofunika si lakuti ndi zingati chabe, koma lakuti amawerengera motani: pa ola, pa tsiku, kapena pa mwezi. Kusiyana kwake kumaonekera mwezi umene uli ndi Loweruka kasanu, kapena tsiku limene mwauzidwa kuti mutsalire kuwerengera katundu sitolo itatsekedwa. Kuti mukhale ndi poyambira, dziwani kuti malipiro ochepetsetsa amene boma limakhazikitsa anakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi mu 2024, ndipo anakweranso kufika pa K126,000 mu 2025. Mlingo wa pa tsiku umapezeka pogawa ndalama ya pa mweziyo ndi masiku 26, zomwe pa mlingo wa 2025 zinkapereka ndalama yoposa pang'ono K4,800 pa tsiku. Magulu ena a ntchito ali ndi milingo yawoyawo ndipo ziwerengerozi zimasintha, choncho ndi bwino kudutsa pa ofesi ya zantchito ya boma lanu kuti akuuzeni mlingo umene ukugwira ntchito panopa. Uwu ndi mlingo wapansi penipeni. Munthu amene wapatsidwa udindo wosunga ndalama za sitolo ali ndi chifukwa chopemphera zoposa pamenepo.

Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati wolemba ntchito amene ali ndi antchito osachepera asanu ayenera kupatsa wantchito aliyense chikalata chofotokoza za ntchito yake pasanathe mwezi umodzi chiyambireni ntchitoyo. M'chikalatacho mumalembedwa tsiku loyambira, malipiro ndi kawerengeredwe kake, nthawi yolandirira, maola ogwira ntchito, ndi dongosolo lothetsera mgwirizano. Lamulo lomweli limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo maola owonjezera pa tsiku la ntchito amalipidwa mlingo umodzi ndi theka, pamene a pa tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma amalipidwa kawiri. Sindikunena kuti mukalowe m'chipindamo mukuwerenga ndime za malamulo, ayi, zimenezo zingakuonetseni ngati munthu wobwera ndi mlandu. Mungofunsa modzichepetsa kuti kodi mukalembedwa mudzapatsidwa kalata yofotokoza masiku, maola ndi malipiro.

Pali funso lina limene achinyamata ambiri salifunsa, n'kudzalira nalo mwezi woyamba, ndilo la shoti. Funsani kuti ndalama zikaperewera potseka zimayenda bwanji, kodi kabati ya ndalama mudzakhala nayo nokha kapena anthu angapo amapisamo dzanja, ndiponso ngati mumawerengera pamodzi ndi amene mukusinthana naye musanalandire kauntayo. Izi n'zofunika kwambiri kwa inu chifukwa Lachisanu muzidzalowa masana, kulandira kabati imene wina wakhala akugwiritsa ntchito kuyambira m'mawa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo bwana woona mtima sakwiya ndi funso limeneli, chifukwa limamuonetsa kuti mukudziwa kulemera kwa ndalama za mwini.

Mapepala oyenera kunyamula ndi chiphaso cha unzika, chiphaso cha sukulu, satifiketi ya MSCE, kalata yofunsira ntchito ndi CV ya tsamba limodzi yokhala ndi manambala a mboni zanu. Chilichonse mukhale ndi fotokope yake, ndipo chimene mukasiye kumeneko ndi fotokopeyo. Satifiketi yeniyeni muwaonetse n'kubwerera nayo kunyumba. Musalole kuti aisunge ngati chikole, chifukwa tsiku lofuna kusiya ntchito mudzavutika kuiombola.

Gama, Bangwe

Achemwali, ine ndinagwirapo ntchito yotereyi ndili pa sukulu, ndipo ndikufuna kusiyana pang'ono ndi bambo Mbewe, ndi ulemu wonse. Zimene anenazo ndi zoona pa lamulo, koma m'masitolo ambiri a m'tauni muno mayeso a ntchito sachitikira mu ofesi yokhala ndi anthu atatu ovala mataye. Mwina adzakuitanirani kuseri kwa mashelefu, mwini sitolo ataimirira, foni ikulira, wantchito wina akubwera kudzafunsa mtengo wa mapaipi, ndipo zonse zidzatha m'mphindi zochepa. Pamalo potero mukatulutsa mafunso anayi kapena asanu motsatizana, adzakuonani ngati wovuta pamene panja pali ena amene angovomera chilichonse. Ine ndikanasankha mafunso awiri okha a tsikulo, la kawerengeredwe ka malipiro ndi la kabati ya ndalama. La kalata mudzalifunse akakuimbirani kuti mwapambana, musanayambe ntchito, chifukwa pa nthawi imeneyo asankha kale inu ndipo mawu anu ali ndi mphamvu.

Chimene ndikufuna muchiwerengere musanapite ndi ndalama yoyendera. Lachisanu muzidzachokera ku sukulu, ndipo kuchoka pa Ginnery Corner kukafika ku Limbe ndi minibasi imodzi kudzera mu msewu wa Chipembere, koma madzulo mukuyenera kubwerera ku Ndirande, ndipo Loweruka ndi ulendo wopita ndi wobwera, kuphatikizapo chakudya cha masana. Lembani mitengo ya lero pa pepala, muiwonkhetse, muone chimene chingatsale pa malipiro a theka la tsiku. Mukapeza kuti Lachisanu masana mukugwirira ntchito kondakitala, muli ndi chifukwa chomveka chopemphera kuti akuwonjezereni ya mayendedwe, ndipo pempho lokhala ndi ziwerengero limamveka bwino kuposa kungoti ndalamayo yachepa.

Tsiku la mayesolo munyamuke msanga kwambiri, chifukwa minibasi imatha kuima pa siteji kudikira kuti idzaze, ndipo munthu wochedwa pa mayeso a ntchito imene chinsinsi chake ndi kusunga nthawi wadziyankhira yekha. Mukafika nthawi isanakwane, musalowe n'kukaima pa kaunta. Dikirani chapafupi, mulowe kutatsala mphindi 10, mupereke moni kwa aliyense kuyambira mlonda wa pakhomo. Chingerezi ndi Chichewa konzekerani zonse ziwiri, muyankhe m'chilankhulo chimene akufunsirani.

Nasibeko, Mzuzu

Ndingowonjezera chenjezo lalifupi, mchemwali wanga. Sitolo yeniyeni siipempha ndalama kwa munthu wofuna ntchito, kaya ati ndi ya fomu, ya yunifolomu kapena yoti dzina lanu liikidwe pamwamba. Wina akakuimbirani Lachitatu lisanafike n'kunena kuti mutumize kangachepe pa foni, dziwani kuti ndi wakuba. Chimodzimodzinso, mayeso achitikire pa sitolo pomwepo ndiponso nthawi ya ntchito. Mukauzidwa kuti malo asintha, mukakumane kumalo ogona alendo kapena madzulo sitolo itatsekedwa, mukane, ndipo m'bale wanu mmodzi adziwe kumene mwapita ndi nthawi imene mukuyembekezeka kubwerako. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la chaka cha 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, ndipo ntchito yofuna kulipiridwa mwa njira imeneyo si yoyenera kuilandira.

Nachisale, Ndirande

Zikomo kwambiri mayi Nangozo, bambo Mbewe, achimwene a Gama ndi achemwali a Nasibeko. Ndandanda wa makalasi ndasindikiza kale, ndipo azakhali avomera kundichitira umboni. Ndatsala ndi funso limodzi kwa mayi Nangozo. Ndikuphunzira za kawerengedwe ka chuma, ndipo ndikuopa kuti adzandifunsa ngati sindidzawathawa ndikangopeza ntchito yabwino kapena ndikamaliza sukulu. Kunena zoona sindikuganiza zokhala pa kaunta moyo wanga wonse, nanga ndiyankhe bwanji popanda kunama?

Nangozo, Lilongwe

Funso limenelo adzakufunsanidi, mwana wanga, ndipo amene akufunsayo akudziwa kale kuti wophunzira wa ku yunivesite sadzakalambira pa kaunta yake. Mukanena kuti mudzakhala mpaka kalekale, adzadziwa kuti mukumunyengerera, ndipo adzayamba kukayika ngakhale zoona zimene mwanena poyamba. Muuzeni kuti muli m'chaka chachiwiri, choncho mwatsala ndi zaka zina ziwiri mukukhala mu Blantyre momwemo, ndipo pa nthawi yonseyo ntchito ya kumapeto kwa sabata ndi imene ikugwirizana ndi sukulu yanu. Kwa ife zaka ziwiri ndi nthawi yaitali, chifukwa ambiri a maola ochepa satha ngakhale miyezi isanu ndi umodzi.

Ngati maphunziro anu ali ndi nyengo yokaphunzira ntchito ku kampani, itchuleninso tsopano, pamodzi ndi chaka chimene idzachitike. Muwalonjeze kuti tsiku lochoka likadzayandikira mudzawadziwitsa mwezi wathunthu lisanafike, ndipo mudzathandiza kuphunzitsa wolowa m'malo mwanu. Maphunziro anuwo muwagwiritsenso ntchito: nenani kuti mukazolowera kaunta mungathe kuthandiza kulemba buku la katundu wolowa ndi wotuluka, kapena kufananiza malisiti ndi ndalama za ku banki kumapeto kwa mwezi. Koma zimenezi muzinene kamodzi kokha ndiponso mofatsa, chifukwa m'sitolomo mwina muli kale munthu amene amagwira ntchito imeneyo, ndipo akhoza kukhala yemweyo amene waima pambali pa bwana akukumvetserani.